Tamugoneka Mlendo Pambali Panu

Amayi anga, kaya kukucha bwanji kumene muliko? Kuno tilipo, tikudzuka ndithu. Ndine Jailosi, mwana wanu woyamba. Ndaweruka kumene kuntchito, ndakhala pakhonde kuno ku Malomo, ndipo mtima wandiuza kuti ndikulembereni. Kalata ino siipita ku positi, palibe amene aitsegule panjira, choncho ndinena zonse monga zinachitikira.

Ndiyambe ndi zokoma. Mlongo wanga Esinati anachira bwinobwino chaka chatha mvula isanayambe, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu, Velina. Kukhosi kwake mwana ameneyo! Akalira kumudzi, amayi otunga madzi kudambo amamva. Amalume a Gidiyoni, alongo anu aja, akuti ameneyu sadzafuna chimkuzamawu ngati ine. Iwo ali bwino, kungoti bondo lija likuwavutabe, moti masiku ano akumalalikira atatsamira ndodo.

Chaka chatha tinavutika. Mvula inadula chimanga chikungomasula kumene, ndipo pofika Khirisimasi nkhokwe zambiri zinali zitatha. Chaka chino Mulungu watikumbukira. Munda wanu wa kuphiri uja Esinati wakolola mpaka nkhokwe kukana, mtedza nawo wachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, koma mmodzi fisi anatenga. Nyumba yanu ena ankati tiigwetse monga mwa mwambo, ife tinakana. Taifolera udzu watsopano, Esinati akusungiramo mtedza, ndipo akuti akalowamo amayamba waodira kaye asanakumbukire kuti mulibemo. Mdzukulu wanu Tiyanjane, mwana wanga uja, walemba mayeso a Sitandade 8, tikudikira zotsatira. Apongozi anu Anaphiri, akazi anga, ali bwino, ngakhale ine ndi iwo tinadutsa m'nyengo yovuta. Zimenezo ndifika nazo.

Mwina mwadabwa kuti ndikulemba ndili ku Malomo, pamene munandisiya ndikugwira ntchito ku Mponela. Nkhani yake ndi yaitali, ndipo imayambira kutali, ku komboni ya mgodi ku Rodeshiya kumene munandiberekera.

Mukukumbuka momwe tinkakhalira mosakanikirana kuja, Mashona, Asena a ku Zambezi, Ayao, Atumbuka ndi ife a kuno. Pamtengo wa pakati pa komboni anapachikapo chimkuzamawu, ndipo munthu akafera mumgodi kalaliki ankalengeza dzina lake m'Chilapalapa, chiyankhulo chotumirana pantchito chija. Inu zimenezi zinkakuwawani. Munkasiya zitumbuwa zanu pamoto, kusamba m'manja, n'kupita kukhomo la mkazi wofedwayo kukamuuza m'chiyankhulo chake, ngakhale chanucho chinali chothyokathyoka. Munkati, "Munthu asamve za imfa ya mwamuna wake m'mawu amene kapitawo amatukwanira anthu." Mukapita kumsika munkandisiya kwa anansi athu Achisena, madzulo ndinkasewera ndi ana a Chiyao ndi a Chishona, moti sindidziwa kuti chiyankhulo choyamba kutuluka m'kamwa mwanga chinali chiti. Nditamaliza sukulu anandilemba ntchito yowerenga zolengeza pa chimkuzamawu chomwechija, ndipo uthenga uliwonse ndinkaubwereza m'ziyankhulo zonse za pa komboni. Ntchito yanga inayambira pamenepo.

Bambo atatisiya tinabwerera kuno kwanu. Anyamata anzanga ankaseka Chichewa changa, ankati ndimayankhula ngati ndalumira mwala. Ndinachiwongola pomvetsera amalume akamalalikira, mpaka ndinapeza ntchito ku ofesi ya zaulimi. Imeneyo munkaidziwa bwino: kuyenda ndi galimoto yachikasu ya kanema m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi, kulengeza za nthawi yobzala, za feteleza, za dibi la ng'ombe, komanso kujambula mawu a alimi pa tepi kuti akamveke pa wailesi. Tsiku limene mawu anga anamveka koyamba munaitana mudzi wonse pakhonde panu, ndipo munaletsa munthu aliyense kutsokomola.

Koma lamulo la kuno mukulidziwa. Pa wailesi ndi pa chimkuzamawu cha boma timayankhula Chichewa ndi Chingerezi basi. Ziyankhulo zina zija ndinazisunga m'mimba. Chitumbuka chokha ndicho ndinkachezerako ndi dalaivala wathu a Kaluwa, ochokera kumpoto, tikakhala awiriwiri pamsewu mawindo atatsekedwa.

Titangokuikani m'manda, bwana wathu a Chapola anandiitana nandiuza kuti dzina langa alitumiza ku Blantyre, akufuna ndikakhale muulutsi weniweni ku nyumba ya wailesi. Anati ndidikire kuti malo atseguke. Anaphiri anasangalala zosaneneka. Anayamba kusoka makatani a nyumba imene sanaione n'komwe, ndipo Tiyanjane ankangokamba za sukulu za m'tauni. Ine chimene chinkandiwawa n'chakuti nkhani yabwinoyo inafika inu mutapita.

Tikudikira choncho, ku esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo la kwathu kunabwera matenanti atsopano. Anabwera nawo pa lole kuchokera kumunsi kwa Shire, koma kwawo kwenikweni ndi ku Mozambiki, m'mbali mwa Zambezi. Anathawa nkhondo. Chichewa ankangotolako liwu limodzilimodzi. Anthu kumudzi ankawaopa. Ena ankati ndi akuba nkhuku, ena ankati abisa mfuti m'zigafa, koma panalibe amene anali atakhalapo nawo pansi.

Tsiku lina mu Januwale, njala itafika povuta, kwa Esinati kunafika gogo wina woonda, wa mphini kumaso, akulozaloza ndi manja kuti akufuna ganyu. Esinati analibe ganyu womupatsa, koma anamugawira phala la gaga limene ankadya ndi ana. Gogoyo atalandira mbale anawomba m'manja n'kunena kuti, "Takhuta, takhuta." Mwana wanu mukumudziwa mtima wake wapachala. Anaganiza kuti mlendoyo akunyoza gaga, analanda mbale ija n'kunena kuti, "Ngati mwakhuta dzipitani, ana anga adya." Gogo uja anangomuyang'ana, anadzuka, n'kumapita.

Lamlungu nditapita kumudzi Esinati anandifotokozera akadali wokwiya. Ndinati, "Iwe Esinati, m'Chisena takhuta ndiye kuti zikomo." Amayi, mwana wanu anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati wafedwa. Paja iye tinabwera naye kuno asanayambe sukulu, Chisena sanachigwire. M'mawa mwake ananyamula gaga m'kambale kupita ku esiteti, koma mlonda anamubweza pachipata.

Sipanapite nthawi, kuchipatala kunayamba kubwera ana a ku esiteti ija akusanza ndi kunjenjemera. Adokotala anapeza kuti anthu akudya mbewu ya chimanga yotsala pobzala, ija yopaka mankhwala ofiira. Ankaitsuka, kuiyanika, n'kuisinja, poganiza kuti utoto ukachoka ndiye kuti yayera. A Chapola anatituma ine ndi a Kaluwa kuti tikachenjeze anthu.

Tinafika masana. Kapitawo anaimba chitsulo, anthu anasonkhana pabwalo la pakati pa zigafa. Ndinaimirira kumbuyo kwa galimoto n'kuwerenga uthenga m'Chichewa chomveka bwino, ndinabwerezanso kachiwiri. Matenanti akale, a ku Mulanje ndi ku Mangochi, anagwedeza mitu. Atsopano aja anaima kumbuyo, ndipo anzawo atawomba m'manja iwonso anawomba, akumwetulira mwaulemu. Inu munkandiuza kuti, "Jailo, ukamayankhula uziyang'ana nkhope za anthu, pepalalo silikumvera." Ndinayang'ana. Panalibe nkhope ngakhale imodzi imene inasintha. Ndipo chapambali, pakhomo la kanyumba ka udzu, ndinaona mphasa itayanikidwa chimanga chotuwa mofiirira, gogo wa mphini kumaso ali pomwepo akuingitsa nkhuku.

A Kaluwa anali ataliza kale injini. Ndinawauza kuti azimitse. Anasuzumira pawindo nati, "A Banda, mukufuna kutani? Tili ndi ana ife." Ndinawamva, ndipo ankanena zoona. Koma maso anga anali pa mphasa ija. Ndinatenganso maikolofoni n'kupereka moni m'Chisena.

Lilime linayamba molemera, zaka zonsezi osaligwiritsa ntchito. Koma Amayi, mukanaona! Mitu yonse kumbuyo kuja inadzuka nthawi imodzi. Ena anayang'ana kumwamba, ena kumbuyo, kufunafuna kumene mawu akwawo akuchokera. Ndinawauza kuti chimanga chofiiracho chili ndi poizoni wosachoka ndi madzi, kuti ndicho chikudwalitsa ana, kuti asadye, ndipo amene wadya kale apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi wina anakuwa n'kuthamangira kumoto kukataya mphika. Bambo wina ananyamula mwana paphewa n'kuuyatsa ulendo wa kuchipatala osadikira kuti ndimalize. Poti ndinali nditayamba kale, ndinabwerezanso m'Chiyao kuti amayi okalamba a ku Mangochi amve bwino.

Nditatsika, gogo uja anabwera nandigwira padzanja. Anandifunsa m'chiyankhulo chake kuti ndine mwana wa yani. Ndinati ndine mwana wa Velina wa kutsidya kwa dambo, mlongo wake wa mayi uja anakulandani mbale, ndipo ndinamufotokozera chimene Esinati anamva. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati dzina lake ndi Luwiza, nandionetsa mwana wake Zuze ndi adzukulu ake. Kenako kuseka kunatha, nandifunsa kuti, "Tsono mwana wanga, tidye chiyani?"

Funso limenelo ndinapita nalo kwa Esinati. Iye anazungulira amayi a mumpingo khomo ndi khomo, uyu kambale ka gaga, uyu chinangwa, uyu maungu oyamba. Njala inali ya tonse, koma anasonkha. Adokotala nawonso anayankhula ndi oyang'anira esiteti mpaka anawonjezera phoso la matenanti. Ulendo uno mlonda anamulola Esinati kulowa. Akuti atafika kwa a Luwiza anagwada, n'kungonena liwu lokhalo limene ankalidziwa, lija anakwiya nalo. Anagwirana manja n'kumaseka, misozi ili mbwembwembwe.

Sabata yotsatira anandiitanitsa ku boma. Amene anakanena sindimudziwa, ndipo sindifuna kumudziwa. Anandikhazika pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Benchi imeneyo, Amayi, munthu umaganiza zambiri, makamaka za ndende ya kuseri kwa phiri kuja kumene anthu amapita osabwerako msanga. Atandilowetsa ndinapeza amuna atatu, mmodzi wovala suti yakuda ndi baji ya chipani pachifuwa. Ameneyo ndiye ankafunsa.

"Bambo Banda, dziko lino lili ndi ziyankhulo zingati za boma?"

Ndinati ziwiri.

"Nanga chachitatucho anakupatsani ndani? Anthu aja achokera kunkhondo. Tidziwa bwanji kuti simunawapatse uthenga wina?"

Ndinafotokoza za chimanga, za ana, za mphasa ija. Anati mawu anga okha sangakwane. Anaitanitsa wapolisi wina wochokera kumunsi kwa Shire, nandiuza kuti ndibwereze zonse zimene ndinanena pa chimkuzamawu, liwu ndi liwu. Ndinabwereza. Wapolisiyo anaima chilili, maso ali kukhoma, akumasulira. Atamaliza anati, "Bwana, akunena za chimanga basi." Wa suti uja analemba kanthu, nati, "Mwina munachita ndi mtima wabwino. Koma tikalola inu, mawa wina ayankhula chakwawo, mkucha wina chakwawo, ndiye dziko likhala la yani?" Anati ndizipita. Potuluka wapolisi uja ananditsegulira chitseko, ndipo ndikudutsa ananong'ona moni wa kwawo osandiyang'ana.

Sananditsekere, ndipo ndimathokoza Mulungu. Koma maikolofoni anandilanda, tepi anandilanda, ndipo dzina langa ku Blantyre analichotsa. Ananditumiza kuno ku Malomo kudzayang'anira nyumba yosungira makasu, mapampu opopera mbewu ndi matumba a feteleza. Munthu amene ndakhala ndikuyankhula moyo wanga wonse, ndinayamba kutandala ndi makoswe.

Anaphiri zinawapweteka kwambiri. Tikulongedza katundu ku Mponela anapeza makatani aja, anawagwira m'manja nati, "Anthu ajawo ndi abale anu? Nanga Tiyanjane si m'bale wanu? Mukanakhala kuti anakutsekerani, ife tikanalowera kuti?" Sankalakwa, Amayi. Iwo ndi amene akhala akundidikira zaka zonsezi ndikugona m'midzi ndi galimoto ya kanema. Titangofika kuno anati akufuna akapume kwawo ku Chisepo, ndipo anapita osanena tsiku lobwerera. Nyumba inakula.

Ana onse amene anadwala aja anachira. Amene sanachire ndi a Luwiza. Zuze anandiuza pambuyo pake kuti phoso likabwera mayi ake ankagawira adzukulu, iwo n'kumadya phala la mbewu yofiira ija, kuyambira kalekale ife tisanafike ndi galimoto. Anagonekedwa kuchipatala, anatuluka, koma thupi silinabwerere. Esinati ankapita kukawasambitsa ndi kuwaphikira phala, mwana ali kumsana. Ankacheza ndi manja ndi kuseka. Anamwalira mondokwa zitangoyamba kudyedwa. Asanamwalire Esinati anawawotchera imodzi, anangonunkhiza n'kumupatsa mdzukulu wawo.

M'mamawa mwake Zuze anafika kuno kuntchito wapansi, mame ali m'miyendo. Anati kapitawo wamuonetsa malo oika matenanti, kumapeto kwa munda wa bulugamu, kumene ngolo zimadutsa ndipo pakapita chaka palibe amadziwa kuti pali munthu. Anati, "Mayi anga ayenda kuchokera ku Zambezi atanyamula ana anga. Bambo anga tinawasiya panjira, tinangowafotsera ndi masamba. Awanso ndiwataye?" Anabwera kwa ine chifukwa panalibenso wina amene akanamva mawu amenewa.

Ndinatseka chitseko, ndinamukweza panjinga, tinapita kumudzi kwa amalume, poti iwo ndiwo mwini mbumba. Ndinawapeza akusema mpini. Nditafotokoza anaika kasemasema pansi nati, "Jailosi, manda aja ndi a mbumba yathu. Munthuyu mtundu wake sitiudziwa, miyambo yake sitiidziwa. Ndiponso iwe uli kale m'maso mwa boma. Ukufuna utikokere tonse?" Sankayankhula mwaukali, ankaopa, ndipo ine mantha amenewo ndinali nditawalawa pa benchi ija.

Esinati anali atakhala chapatali akuyamwitsa. Anati, "Amalume, pepani ndiyankhuleko. Bambo athu agona kuti?"

Amalume anati ku Rodeshiya.

"Anawakumbira ndani? Inu munaliko?"

Ine ndinaliko, ndiye ndinanena zimene ndinaona: kuti wa kwathu kuno panalibe ndi mmodzi yemwe wa mphamvu zokumba, kuti anakumba ndi Asena ndi Mashona a gulu la bambo atangotuluka mumgodi, fumbi lili m'maso, kuti mayi wa Chisena ndiye anagona nanu m'nyumba masiku onse a maliro. Zimenezi inu munkazinena kawirikawiri, koma amalume ankazimva ngati nkhani ya kutali. Tsiku limenelo Zuze anali atakhala pamaso pawo, chipewa chili m'manja.

Amalume anamuyang'ana Zuze. Kenako anafunsa kuti, "Mayiyo anali wopemphera?" Ndinamufunsa Zuze, ndipo anati wa Katolika, osati wa mpingo wathu. Amalume anagwira kumutu nati, "Ha, zonse pamodzi!" Koma anadzuka, anatuma munthu kukadziwitsa anyakwawa, anaitanitsa adzukulu okumba manda, ndipo iwo eni anatsogola ndi ndodo yawo kupita kumsitu. Anazungulirazungulira, n'kudzaima pafupi ndi inu, kumunsi kwa mtengo wa msuku uja. Analoza ndi ndodo nati, "Mlongo wanga sankadana ndi alendo. Kumbani apa."

Ndiye ndi zimenezo, Amayi. Tamugoneka mlendo pambali panu, kudzanja lanu lamanzere. Sitinakupempheni, koma sindikukayika.

Maliro ake anali aakulu kuposa momwe tinkaganizira. A ku esiteti anabwera onse, Asena, Ayao, Alomwe, atanyamula bokosi limene anakhoma ndi matabwa a chigafa chakugwa. Poyamba anakhala mbali yawo, a kumudzi mbali yawo, pakati pali mpata ngati msewu. Amalume anandiuza kuti ndiyendetse mwambo. Ndinaimirira wopanda maikolofoni, wopanda pepala. Mawu alionse amene ananenedwa m'Chichewa ndinawanena m'Chisena, a m'Chisena ndinawanena m'Chichewa. Zuze anafotokoza mbiri ya mayi ake: kuti anali woumba mbiya wodziwika kwawo, kuti anabereka ana asanu ndi mmodzi koma watsala iye yekha, kuti usiku umene mudzi wawo unawotchedwa anawoloka mtsinje madzi ali m'khosi, mdzukulu ali pamutu. Ndikumasulira ndinaona amayi a kwathu, omwe aja ankati ndi akuba nkhuku, akupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Ife tinaimba nyimbo zathu, iwo anapemphera pemphero lawo atagwada. Pobwerera kumanda mpata uja panalibe.

Ndili pakati pomasulira ndinaona munthu wina kumene amayi ankaphikira, atamanga chitenje m'chiuno akugawa ntchito. Anali Anaphiri. Uthenga unawapeza ku Chisepo, ndipo anabwera ndi ufa ndi nyemba za kwawo. Sitinayankhulane mpaka anthu atabalalika. Anangoti, "Mawu anu asasa, mwayankhula tsiku lonse. Imwani madzi." Tinabwerera limodzi ku Malomo. Za Blantyre sanaiwale, ndipo sindingawauze kuti aiwale. Koma makatani aja awapachika m'nyumba muno, ngakhale mawindo ake ndi aang'ono moti anachita kuwapinda.

Kuchokera pa maliro paja zinthu zasintha pang'onopang'ono. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimapita kumudzi ndi wailesi yanga, timakhala pansi pa mango a Esinati, ndipo a ku esiteti amabwera. Nkhani zikamawerengedwa ndimachepetsa mawu n'kumawamasulira. Chimene amafunitsitsa ndi kumva za nkhondo ya kwawo, ngakhale wailesi imanena zochepa. Ikatha nkhani amafunsa zawo: sikelo ya ana ndi liti, khadi la chipani amagula kuti, mwana amalembetsa bwanji sukulu. Amalume amabwera kudzakhala pampando wawo ndi Baibulo pamwendo, kuti wodutsa aziona ngati ndi mapemphero. Okha anaganiza zimenezo, ine sindinawapemphe. Adzukulu a a Luwiza ayamba sukulu, ndipo Chichewa akuchithamanga kuposa momwe ine ndinkachitira nditangofika. Mkazi wa Zuze wapatsidwa kadimba pafupi ndi ka Esinati. Sikuti onse akondwa. Alipo amene amatiyang'ana cham'mbali, ndipo nkhuku ikasowa mawu akale aja amabwereranso.

Mwezi wathawu a Chapola anafika kuno panjinga yamoto. Anati achipatala akufuna kubaya ana katemera wa chikuku m'maesiteti onse kuyambira kuno mpaka ku Chisepo, koma amayi achilendo akangoona galimoto ya boma akumabisa ana m'zigafa. Anayang'ana uku ndi uku nati, "A Banda, makalata anu akunenabe kuti ndinu wosunga katundu, ndipo sindingawasinthe. Galimoto ikamapita mukwere ngati wonyamula katundu. Muyambe ndi Chichewa, mutsirize ndi Chichewa. Zapakatipo ine ndimakhala ndikuyang'ana matayala."

Ndiye ndayendanso ndi a Kaluwa, Amayi, esiteti ndi esiteti. Amayi achilendo aja akumatuluka ndi ana awo, ena mpaka kutsogolera anzawo. Kwina atipempha kuti tilengeze maina a abale awo amene anasochererana pothawa, ndipo ku esiteti ina cha ku Mponela mayi wina wapeza mchemwali wake amene ankamuyesa wakufa. A Kaluwa tsiku limenelo analephera kuyendetsa galimoto, anayamba akhala kaye pansi pa mtengo. Sindidziwa kuti zimenezi zitha liti. Mwina mawa wina akanenanso, ndipo ulendo uno sadzangondikhazika pa benchi. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Mawu anga pa wailesi simudzawamvanso, ndipo masiku ena zimandiwawa ndikamva mnyamata amene anatenga malo anga akuwerenga zimene ndikanawerenga ine.

Dzulo Zuze anabwera kudzandiona. Wagulitsa fodya wake woyamba, ndipo anandibweretsera nkhuku yoyera imene ndinalephera kuikana. Tinakhala pakhonde pompano. Anati nkhondo ikadzatha akufuna kubwerera, akaone ngati munda wa bambo ake ulipo, akafunefune pamene anawasiya. Kenako anafunsa kuti, "Koma ndikapita, mayi anga atsala ndi yani?"

Ndinamuuza kuti atsala ndi ife. Ndinati malinga ine ndili moyo, ndipo pambuyo panga Tiyanjane ndi Velina wamng'ono, manda a mayi ake sadzamera thengo, ndipo mwana aliyense wa mbumba yathu adzadziwa dzina la munthu amene wagona pamenepo ndi kumene anachokera. Ndinalonjeza m'dzina lanu, Amayi, ndiye ndati mudziwe.

Mvula isanagwe tibwera tonse ndi makasu, ine, Esinati, Anaphiri ndi banja la Zuze, kudzalambula pamene mwagona awirinu. Ndikulonjeza kuti sitidzalambula mbali imodzi.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Jailosi